Zipewa za buluu ndi ufa wa othawa nkhondo: mmene pulogalamu yathu ikuyendera

Loweruka, 12 Julayi 2025

Ndati ndizilemba apa pang'onopang'ono kuti inu a ku Lilongwe ndi ku Joni amene munatiponyera kangachepe muzidziwa kuti ndalama zanu sizinalowe m'mimba mwa munthu. Ntchito yake ndi iyi: tikujambula pulogalamu ya mawu okhaokha ngati ya pawailesi, zigawo zinayi, chilichonse mphindi 15, yokamba za mmene mabungwe ngati UN, AU ndi SADC amayesera kuletsa nkhondo ndi kusungitsa mtendere. Tikufuna tidzayiulutse pa sipika kuno pa 21 Sepitembala, tsiku lokumbukira mtendere padziko lonse, kenako tiyimwaze pa WhatsApp ndi pa memori khadi kwa amene alibe bando.

Tilipo asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo aphunzitsi athu opuma amene akutiyang'anira kuti tisamanene zabodza. Ine ndine wolemba, mlongo wanga ndiye wofunsa mafunso chifukwa akuluakulu amamasuka naye, mnyamata wina wa foni yabwino ndiye wojambula, enawo ndi oyenda ndi kukonza mawu pa laputopu yobwereka.

Wina pa gulu anafunsa kuti za UN zikutikhudza bwanji ife a ku Ntcheu, si za ku New York zimenezo? Ndinamuuza kuti akwere minibasi atsike pa Lizulu aone. Msewu wa M1 womwewo, mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique, kachewere umagula dziko lina kabichi nkugula dziko lina osavula ndi nsapato zomwe. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, ya boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo, inali tsidya la msewu umenewu, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Malawi anali akusunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Ambiri a kuno ndi ku Dedza sanakhale m'makampu ayi, anangolowa m'midzi mwa abale awo, chinenero chimodzi, maliro amodzi. Ndiye sitiyambira ku New York, tiyambira pakhomo pa agogo.

Loweruka, 26 Julayi

Kujambula koyamba kwatheka koma movutikira. Tinapita mbali ya ku Tsangano pa kabaza, mtengo wake wakwera moti ndinangoti kukamwa yasa, akuti mafuta akugula kwa mavenda. Kuzizira kwake ngati tili m'firiji, ndipo mphepo yalowa mu foni moti mphindi zisanu zoyambirira ukungomva fuuu basi. Mlongo wanga ndiye anaganiza zovala foni sokosi, zinathandiza ndithu.

Agogo amene tinacheza nawo anabwera kuno 1986 ali ndi mwana kumbuyo wina kumanja, anachokera cha ku Angonia, ndipo nkhondo itatha sanabwerere chifukwa anakwatiwa konkuno. A Renamo iwo sawatchula Renamo, amati amatsanga, dzina lochokera kwa mtsogoleri wawo woyamba André Matsangaissa. Mlongo wanga atawafunsa kuti agogo, kodi a UN munawaonapo nthawi imeneyo? anaseka kaye, kenako anati, iwe mwana wanga, UN-yo kaya inali yotani, ine ndinaona ufa, nandolo ndi mafuta, ndi mzere wautali wa Red Cross. Analowa m'nyumba nkutulutsa chitini chakale cha mafuta ophikira, chadzimbiri, zilembo zinafufutika kalekale, pano amayezera chimanga akamagulitsa. Anati chitini ichi nchachikulu kuposa bambo ako.

Ndinabwera nditakhumudwa pang'ono chifukwa ndinkayembekeza nkhani za asilikali a UN osungitsa mtendere, ovala zipewa za buluu, koma aphunzitsi anati ayi, gawo loyamba ndi limeneli. Ufa uja unkachokera ku WFP, kalembera ndi chitetezo cha othawa kwawo ndi ntchito ya UNHCR, onsewo ndi ana a UN. Munthu wamba bungwe amakumana nalo pa mzere wa chakudya, osati pa msonkhano. Ndipo ukaganiza bwino, kudyetsa anthu miliyoni m'dziko losauka ngati lathu kunathandiza kuti eni mudzi ndi alendo asayambe kuphana chifukwa cha nkhuni ndi minda, chifukwa agogo omwewo anavomera kuti mikangano ya nkhuni inalipo, mapiri anametedwa mpala nthawi imeneyo.

Foni inathima tisanamalize, magetsi kunalibe kuyambira dzulo lake. Tibwererako.

Loweruka, 9 Ogasiti

Lero sitinajambule kanthu, tatha tsiku lonse tikukangana za gawo lachiwiri, la mmene UN imagwirira ntchito. Ndinalemba masamba atatu, nditawerenga mokweza anzanga awiri anayamba kuyasamula, ndiye ndadziwa kuti ndalemba notsi za mayeso osati pulogalamu.

Zofunika kunena nzochepa. UN inayamba pa 24 Okutobala 1945 nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, Malawi analowa pa 1 Disembala 1964. Nkhani za nkhondo zimagamulidwa ndi Security Council, mipando 15, khumi yosinthana zaka ziwiri ziwiri, isanu ya muyaya: America, Britain, France, Russia ndi China. Asanuwa aliyense akangoti ayi, chigamulo chafera pomwepo ngakhale ena onse 14 avomere. Ndipo UN ilibe asilikali akeake, imachita kupempha kwa mayiko, nchifukwa chake ana athu a MDF amapezeka ku Congo atavala chipewa cha buluu.

Mnyamata wojambula uja, amene amakonda kutsutsa chilichonse, anafunsa kuti nanga Russia atalowa mu Ukraine mu 2022 bwanji sanamugwire? Apa mpamene aphunzitsi anatipulumutsa. Anati taganizani bwalo la amfumu lomwe lili ndi nduna zisanu zikuluzikulu, ndipo lamulo likuti nduna iliyonse ikakana mlandu watha. Tsiku lina mbuzi za nduna imodzi zadya chimanga cha mayi wamasiye. Mlandu ukafika pabwalo, ndunayo ikhala pampando wake nkuti ayi. Tonse tinaseka koma ndi momwe zilili, ndipo fanizo limeneli talilowetsa mu pulogalamu momwe analinenera, ndi mawu awo omwe.

Ine ndinafunsa kuti ndiye anapangiranji lamulo lopusa chonchi? Anati bungwe loyamba lija, League of Nations, linafa chifukwa akuluakulu ena sanalowemo, America sanalowe nkomwe, ena anatuluka atakwiya. Ndiye mu 1945 anaona kuti bola kuwanyengerera ndi mpando wapadera kusiyana nkuti akhale kunja kwa bwalo akunola mikondo. Ndamva, koma sindinakhutire. Africa yonse mayiko 54 mu UN, nkhani zambiri zokambidwa pabwalopo nza Africa, mpando wa muyaya ziro. Mu 2005 mayiko a AU anagwirizana ku Ezulwini kuti tikufuna mipando iwiri ya muyaya ndi isanu yosinthana, mpaka lero tikudikira. Chomwe chinandisangalatsa nchoti aneba athu a Mozambique, omwe tinkawagawira nsima aja, anakhala pa mpando wosinthanawo mu 2023 ndi 2024, akugamula nawo za nkhondo za eni.

Ndadula masamba atatu aja kutsala limodzi ndi theka.

Lamlungu, 24 Ogasiti

Gawo lachitatu ndi lomwe landigwira mtima, ndipo ndikuona kuti lidutsa mphindi 15, ena adandaula koma ine sindidula.

Dzulo tinacheza ndi bambo wina wachikulire wogulitsa matumba cha ku Biriwiri, kwawo ndi ku Villa Ulongwe, amabwera ndi kubwerera ngati akupita kudimba. Ameneyu zipewa za buluu anaziona ndi maso, magalimoto oyera olembedwa UN. Koma anatidabwitsa, anati anyamata inu musanamize anthu, azungu a magalimoto oyera aja anabwera nkhondo itatha kale, amene anathetsa nkhondo ndi ansembe.

Ndinapita kukafufuza ndipo bamboyo sananame kwenikweni. Zokambirana zinayamba mu Julayi 1990 ku Rome, osati ku ofesi ya UN koma kwa gulu la Akatolika lotchedwa Sant'Egidio. Ankhoswe anali anayi: Andrea Riccardi amene anayambitsa gululo, wansembe Matteo Zuppi amene pano ndi kadinala, Mario Raffaelli woimira boma la Italy, ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira. Anakhala akukokanakokana zaka ziwiri ndi miyezi, uku kumudzi anthu akufabe, chilala cha 1992 chija nacho chikuwapana onse, asilikali a boma ndi a m'tchire omwe njala osaona mbali. Pa 4 Okutobala 1992 Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama anasainirana pangano la mtendere. Ndiye UN inalowa pambuyo, mu Disembala 1992, ndi ntchito yotchedwa ONUMOZ, mtsogoleri wake Aldo Ajello wa ku Italy, asilikali oposa 6,000.

Apa mpamene ine ndikusiyana nawo pang'ono bambo aja. Kusaina pepala nkosavuta, ngakhale anthu olimbirana munda amagwirana chanza pamaso pa amfumu mawa lake nkuzulirana malire. Funso ndi loti ndani ayambe kutula mfuti pansi? Wa Renamo akuopa kuti ndikatula andipha, wa boma akuopa kuti ndikatula abwerera kutchire. Pamafunika munthu wachitatu woima pakati amene onse awiri angamupatse mfuti osachita manyazi, ndipo ntchito ya ONUMOZ inali imeneyo: kusonkhanitsa asilikali m'malo awoawo, kuwalemba, kulandira zida, kulondera misewu ikuluikulu ngati wa Beira, wa Nacala ndi wa Tete, womwe madalaivala athu ankauopa. Asilikali otsitsidwa ankalandira kandalama kwa miyezi yambiri kuti asabwerere ku mfuti chifukwa cha njala. Ndipo chomwe chinandidabwitsa kwambiri, panakhazikitsidwa thumba la ndalama lothandiza Renamo kuti isanduke chipani, ikhale ndi maofesi ndi magalimoto a kampeni. Mlongo wanga anakwiya nazo izi, akuti anthu odula anzawo makutu nkuwapatsanso ndalama? Ine ndilibe yankho lokoma. Ndinangomuuza kuti ku Angola mavoti anachitika mu 1992 asilikali asanatule zida bwinobwino, a UN ali ochepa, mtsogoleri wa zigawenga Jonas Savimbi atagonja anabwerera kutchire ndipo nkhondo inatha 2002 iye atafa. Ku Mozambique anachedwetsa dala mavoti mpaka Okutobala 1994, Dhlakama ananyanyala tsiku loyamba, anamunyengerera usiku wonse nkubwerera, anagonja kwa Chissano koma sanabwerere kunkhondo nthawi imeneyo. Anthu pafupifupi 1.7 miliyoni anabwerera kwawo kuchokera m'mayiko oyandikana nawo, ochuluka kuchokera kuno.

Mkangano wa ine ndi mlongo wanga tauika mu pulogalamu momwemo, tinajambulanso tikukangana zenizeni, aphunzitsi akuti ndi pomwe pakukoma.

Ndawonjezera kamphindi kamodzi konena kuti mtendere uja sunali wa mpaka kale. Mfuti zinaliranso kuyambira 2013, anthu anathawiranso kuno cha ku Kapise ku Mwanza mu 2015 ndi 2016, mpaka Filipe Nyusi, pulezidenti wa nthawiyo, ndi Ossufo Momade wa Renamo anasainanso pangano lina pa 6 Ogasiti 2019, ndipo msasa womaliza wa Renamo ku Gorongosa unatsekedwa mu Juni 2023. Zaka pafupifupi 31 chisainireni ku Rome.

Loweruka, 6 Sepitembala

Laputopu inatichitira chipongwe, mawu a bambo a ku Biriwiri anasowa masiku awiri, tinawapeza mu foda ya nyimbo za kwaya. Amene anawaika mmenemo akudziwa yekha.

Gawo lachinayi ndi la Congo, ndipo ndi lolemera. Mu 2013 Security Council inachita chinthu chachilendo, inakhazikitsa gulu la asilikali lololedwa kuyamba lokha kuthira nkhondo zigawenga, osangodikira kuti aomberedwe kaye. Asilikali ake anachokera ku South Africa, Tanzania ndi Malawi, ndipo pofika Novembala chaka chomwecho gulu la zigawenga la M23 linali litagonja. Anthu anati eya, mankhwala apezeka. Koma mu Novembala 2018 cha ku Beni asilikali athu asanu ndi mmodzi ndi mmodzi wa ku Tanzania anaphedwa polimbana ndi gulu lina la zigawenga la ADF. Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete, amene anaomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania wovulala, mnzakeyo anapulumuka. Mu Meyi 2019 UN inamupatsa mendulo yapamwamba kwambiri ya osungitsa mtendere, ya dzina la Captain Mbaye Diagne, msilikali wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu ambirimbiri ku Rwanda mu 1994 asanaphedwe. Ndinafunsa achinyamata khumi pa malo ochajitsa mafoni ngati dzina la Chitete akulidziwa, anayankha mmodzi yekha, ndipo ameneyo achimwene ake ndi msilikali.

Dzina la Diagne likukukokera ku Rwanda ufune usafune. Kuja a UN analipo kale pansi, mkulu wawo Roméo Dallaire anachenjeza, koma kuphana kutayamba mu Epulo 1994 Security Council m'malo mowonjezera asilikali inawachepetsa kutsala 270, ndipo anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100. Chaka chomwecho chomwe UN inkachita bwino tsidya la msewu wathuwu. Bungwe lomwelo. Izi zandizunguza mutu sabata yonse, ndipo pomwe ndafika ndi poti zipewa za buluu zimagwira ntchito pomwe omenyanawo atopa ndipo akufuna wowagwira dzanja, koma pomwe wina watsimikiza mtima kupha, kapena pali dziko lina kuseri likuthira mafuta pamoto, chipewa chija nchipewa basi. M23 yomwe inagonja 2013 inabweranso, SADC inatumiza asilikali ake mu Disembala 2023, athu ali momwemo, mu Januwale 2025 mzinda wa Goma unagwa m'manja mwa M23, asilikali athu ena anafa, ndipo mu Malichi atsogoleri a SADC anagwirizana zothetsa ntchitoyo.

Tinafuna kucheza ndi mayi wina wa kuno amene mwana wake anapitako ku Congo nkubwera wamoyo. Anatilandira bwino, anatiphikira tiyi ndi mbatata, koma foni itatuluka anati ayi ana anga, zimenezo musajambule, mwana wanga akadali pantchito. Tinalemekeza. Chomwe anatilola kunena nchoti miyezi yonse imene mwanayo anali kunja, iwo foni ankagona nayo pansi pa pilo ndipo ikalira usiku ankayamba apemphera asanayankhe. Nyumba yamalata yomwe tinakhalamo inamangidwa ndi ndalama za ku Congo komweko. Zonse ziwiri tazinena.

Za nyanja tazisiya. Ndinalemba kagawo ka mkangano wa malire ndi Tanzania, pangano la 1890 la Britain ndi Germany, ndi mmene mu 2012 nkhaniyo inaperekedwa kwa atsogoleri opuma motsogozedwa ndi Chissano yemwe uja. Chitsanzo chabwino cha kuletsa nkhondo isanayambe, palibe anaombera mnzake, koma nthawi yatipanikiza, mwina tidzapanga gawo lachisanu.

Lachinayi, 18 Sepitembala

Tasintha tsiku. Tinavota Lachiwiri pa chisankho cha dziko lonse, zotsatira sizinatuluke, pa WhatsApp aliyense ali ndi manambala akeake ndipo pamsika anthu akuyang'anana ndi diso la nkhwezule. Tinapita kwa amfumu kukawakumbutsa za Lamlungu, anati ana anga, zomwe mwakonzazi nzabwino, koma mukaika sipika pabwalo sabata ino nkumatchula mfuti ndi mavoti, wina amva theka nkuthamanga nalo. Dikirani fumbi likhazikike. Mnyamata wojambula anafuna kutsutsa monga mwa nthawi zonse, aphunzitsi anangomuponda phazi.

Pobwerera tinayamba kusaka tsiku lina, ndipo mlongo wanga ndi amene anati bwanji pa 4 Okutobala? Likugwa Loweruka, ndi tsiku lomwe anasaina ku Rome, ndipo tsidya linalo ndi holide ya mtendere. Kunena zoona likutikwana kuposa la 21 lija. Bambo a ku Biriwiri titawaimbira anati abwera ndi anzawo awiri a ku Villa Ulongwe, bola tiwapezere ya thiransipoti.

Lolemba, 29 Sepitembala

Zotsatira zinalengezedwa pa 24, kuno kuli bata, amfumu avomera za Loweruka likudzali, 2 koloko masana pabwalo la mpira.

Pomwe tili: gawo loyamba latha, tinabwerera kwa agogo aja nkumaliza, ulendo uno tambala wawo ndi amene walowerera kawiri koma tamusiya, akukometsa. Gawo lachiwiri latha, mphindi 12. Lachitatu latha, mphindi 21, ndakana kudula. Lachinayi latsala kujambulanso mawu anga chifukwa ndinatchula Beni ngati ndikunena gule wa beni ndipo anzanga akhala akundiseka sabata yathunthu. AU tangoikhudza pang'ono, kuti nayo ili ndi bwalo lake la mtendere la mipando 15 lomwe linayamba 2004 ndipo mulibe wa mpando wa muyaya, koma ndalama zoyendetsera ntchito zake zambiri zimachokera kunja, ndiye mwini thumba ndi amene amaloza njira. Ndikudziwa kuti taipondereza, wina akadandaula ndivomera.

Sipika tabwereka ya kutchalitchi, batire ya galimoto tapeza yoti magetsi akathima tisachite manyazi. Memori khadi tagula 15 m'malo mwa 30 chifukwa mtengo wasintha kawiri chiyambireni. Ndalama zatsala zokwana thiransipoti ya alendo atatu aja ndi kabaza wa agogo, zakumwa palibe, ndiye amene muli ku Joni mukaona uthengawu musangoika chala cha m'mwamba.

Agogo atumiza uthenga kudzera kwa mdzukulu wawo kuti chitini chija abwera nacho, koma tisachiike patebulo anthu nkumachigwiragwira, achinyamula okha, ndipo pofika 4 koloko akhale atanyamuka chifukwa mbuzi zilibe wotsekera.